Kodi sola ingabweze mita ya ESCOM m'mbuyo?

Funso lachokera kwa mayi wina wa pa Kasungu boma. Nyumba yawo ili kale ndi magetsi a ESCOM, mita yake ndi yogulira mayunitsi, ndipo kutsogolo kwa nyumbayo ali ndi kagolosale ka mafiriji awiri. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg wawatumizira mapanelo a sola 6, a mawati 550 iliyonse, pamodzi ndi inveta ya makilowati 5, makina aja osintha magetsi a dzuwa kuti akhale ngati a m'nyumba, koma batire palibe. Akuti: "Mnyamata wina wokonza zamagetsi wandiuza kuti akangolumikiza, mita izibwerera m'mbuyo ndipo ESCOM iyamba kundilipira. Koma aneba anga amene anaika sola chaka chatha akudandaula kuti mayunitsi awo akutha msanga kuposa kale. Ndikhulupirire ndani, nanga ndiyambire pati?"

Mayi, khulupirirani aneba anuwo. Mnyamatayo mwina sakunama dala, chifukwa nkhani ya mita yobwerera m'mbuyo inafala kwambiri, koma asakwere kaye padenga panu. Katundu amene mwana wanu watumiza angakuchepetsereni kwambiri ndalama za mayunitsi. Chachikulu n'chakuti magetsi amene dzuwa likupatseni azithera pakhomo panu pomwepo, asamabwerere ku mawaya a ESCOM, pokhapokha eni akewo atavomera polemba kalata ndi kukuikirani mita yoyenera.

Tiyambire pa malire. Waya wochokera papolo ndi mita pamodzi ndi zomatira zake ndi katundu wa ESCOM, kaya mitayo ili pakhoma panu kapena anaikweza papolo n'kukusiyirani kabokosi kolowetsera tokeni. Chanu chimayambira pabokosi la maswichi, lija amisiri amati DB, kulowa m'nyumba ndi m'golosale. Sola imalumikizidwa mbali yanuyi. Koma magetsi sasamala za malire a anthu. Inveta ikapanga ochuluka kuposa amene zipangizo zanu zikudya panthawiyo, otsalawo amatsata waya womwe uja umabweretsa magetsi, amadutsa pamita chobwerera, n'kukalowa kwa aneba ndi kuthiransifoma. Nkhani yonse ya chilolezo ndi mita yagona pa magetsi otsalawa.

Kwa inu otsalawo angakhale ambiri. Mapanelo 6 a mawati 550 ndi mawati 3,300 papepala. Padenga la malata, kutentha ndi fumbi zitadyapo gawo lake, dzuwa likafika paliwombo muzipeza mawati 2,500 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo tsiku lowala bwino ku Kasungu lingakupatseni mayunitsi 12 mpaka 14. Tsono tiyerekeze kuti ndi 12 koloko masana, mafiriji awiri aja akulira, TV ndi yoyatsa, mafoni ali pachaja. Zonsezi mwina sizikupitirira mawati 500. Ndiye kuti mawati 2,000 alibe kolowera, ndipo zikhala choncho kuyambira cha m'ma 10 m'mawa mpaka cha m'ma 2 masana. Pamenepo pali mayunitsi pafupifupi 8 tsiku lililonse.

Mita yogulira mayunitsi anaipangira ntchito imodzi, kuchotsa pa zimene mwagula. Mamita ambiri a mtundu umenewu amawerenga magetsi aliwonse odutsa osayang'ana kumene akulowera, ngati mlonda amene wauzidwa kuti azilipiritsa aliyense wodutsa pageti, wolowa ndi wotuluka yemwe. Choncho mayunitsi 8 aja amene mwapereka kwa ESCOM, mita imawachotsa pa tokeni yanu ngati kuti mwawagwiritsa ntchito. Pamwezi ndi mayunitsi 240, kulipirira magetsi amene mwapanga nokha n'kupatsa ena. Ndikuganiza kuti izi ndi zimene zikuwachitikira aneba anu. Mukawauze kuti tsiku ladzuwa alembe mayunitsi a pamita 10 koloko m'mawa, alembenso 2 koloko masana. Akapeza kuti mayunitsi akuthamanga kwambiri nthawi imene dzuwa likuswa mtengo, pamene m'nyumba simunayake zambiri, vuto lapezeka. Mamita ena satero, amangonyalanyaza magetsi obwererawo, ndiye mumapereka ulere. Enanso amaona ngati wina akuwaseweretsa, amadula magetsi, ndipo sayakanso mpaka a ESCOM atabwera kapena atakupatsani nambala yotsegulira. Mwa njira zitatuzi palibe imene mita imakuwonjezerani mayunitsi.

Nkhani ya kubwerera m'mbuyo inachokera ku mamita akale aja a kambale kozungulira, amene ankabwera kudzawerenga mwezi ndi mwezi. Ena mwa iwo ankazunguliradi chobwerera magetsi akasintha kolowera. Koma ngakhale pamenepo munthu sankalipidwa kanthu, ankangochepetsa bilu mwa njira imene kampani sinavomereze, ndipo lamulo la zamagetsi limaika kusokoneza mita m'gulu la milandu. Mmisiri aliyense amene anganene kuti mita yanu aikonza kuti izigwirizana ndi sola, mutsanzikeni pomwepo. Chindapusa chikadzabwera, dzina lili pa akauntiyo ndi lanu, iye adzakhala atapita kalekale.

Njira yovomerezeka yogulitsira magetsi otsala ilipo m'mayiko ambiri, ndipo mudzamva anthu akuitchula kuti net metering. Mita yake ndi ina, yowerengera mbali ziwiri: imasunga padera mayunitsi amene mwatenga, padera amene mwapereka. Mita imeneyi amaika ndi kumata ndi eni magetsi okha, simungakaigule ku Lilongwe n'kupatsa mnyamata kuti aipachike. Pamwamba pa mitayo pamakhala pangano losainirana, lonena kukula kwa sola yanu, mtundu wa inveta, ndi mmene mayunitsi anu aziwerengedwera, kaya kuchotsera pa zimene mukugula kapena kulandira ndalama. Mitengo ya magetsi m'dziko muno amavomereza ndi a MERA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004, choncho mtengo wogulira magetsi anu sungachokere pakamwa pa mmisiri. Popanda mita ija ndi pangano lija m'manja mwanu, palibe tambala imene mudzalandire.

Ngakhale akuluakulu amadzera momwemo. Malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima, a mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, ndi a ku Golomoti a mamegawati 20, amagulitsa magetsi awo chifukwa ali ndi chiphaso ndi mgwirizano wolembedwa. Mwana wanu mwina wamva kuti ku South Africa anthu amalipidwa. Ku Cape Town zimachitikadi, koma sola imayenera kulembetsedwa ku khonsolo ya mzindawo, ndipo wofuna kugulitsa amaikitsa mita yowerengera mbali ziwiri ndi ndalama za m'thumba mwake. Komanso kumene amalipirako, nthawi zambiri mtengo wogulira magetsi kwa munthu umakhala wotsika kuposa umene amamugulitsira. N'chifukwa chake ine ndimalangiza eni nyumba kuti pokonza bajeti asamawerengere ndalama yogulitsa magetsi. Yuniti yaphindu kwambiri ndi imene mwapanga masana n'kuigwiritsa ntchito nokha, chifukwa yakupulumutsani ku mtengo wonse wa ESCOM.

Tsopano tengani inveta ija, muwerenge kapepala komatidwa pambali pake, chifukwa zonse zotsatira zikudalira mtundu wake. Ikakhala yolembedwa grid-tie kapena on-grid, ndipo pansi pake palibe polowetsa mawaya a batire, ndiye ndi ija imagwira ntchito pokhapokha magetsi a ESCOM alipo. Imamvetsera mavolti 230 ndi kugunda kwa 50 Hz kwa pawaya, n'kumatsatira. Magetsi akathima nayonso imathima pasanathe masekondi 2, ngakhale dzuwa liwotche bwanji. Anthu ambiri amakhumudwa nazo, ena mpaka amabweza invetayo poganiza kuti agwiritsidwa fuwa la moto. Si yowonongeka ayi. Anaipanga dala choncho, ndipo chifukwa chake ndi moyo wa munthu.

Waya ukaduka, kapena a ESCOM akafuna kukonza thiransifoma ya m'dera lanu, amazimitsa mzere wonse, kenako munthu amakwera papolo akudziwa kuti mawayawo ndi ozizira. Ngati nyumba ina ikukankhirabe magetsi kunja, mawayawo ali ndi moto. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Yomwe ija imatsitsa mavolti 11,000 kapena 33,000 kuti afike 230 a m'nyumba mwanu, mukaidyetsa 230 kuchokera kwanu imawakweza kubwerera ku 11,000 kapena 33,000. Ndipo amene angapsere pamenepo si wa ESCOM yekha. Waya ukagwa ndi mphepo ya mvula yoyamba n'kugona m'njira imene ana amadutsa popita kusukulu, aliyense amaganiza kuti poti dera lonse lathima, wayawo ndi wakufa. Chitetezo chimene chimazimitsa inveta zikatero chimatchedwa anti-islanding, ndipo inveta yoyenera kukhudzana ndi mawaya a ESCOM imakhala ndi satifiketi yosonyeza kuti inayesedwa pa muyezo wa IEC 62116. Muuzeni mwana wanu akutumizireni pepala limeneli pa WhatsApp kuchokera kwa amene anamugulitsa, kapena muyang'ane m'kabuku ka invetayo.

Pali mchitidwe wina umene ndimauona m'magolosale ndi m'masaluni, ndipo umandiopsa kuposa china chilichonse pa nkhaniyi. Munthu amapanga chingwe chokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, mbali ina ku inveta kapena jenereta, ina mu soketi ya pakhoma, kuti nyumba yonse iziyaka magetsi akathima. Chitetezo chokha chimene chilipo pamenepo ndi kukumbukira kuzimitsa swichi yaikulu. Tsiku limene mwini wake wapita kumaliro, wotsala m'golosale n'kuiwala, magetsi amakwera kupolo, ndipo magetsi a ESCOM akabwerera invetayo imapsa. Mano a pulagi imene ili m'manjayo nawonso amakhala ndi moto. Kwanu kusapezeke chingwe choterocho. Chofunika ndi changeover switch, imene inapangidwa mwakuti singalumikize mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Invetayo ikakhala yolembedwa hybrid, mwana wanu anasankha bwino. Imeneyi imalandira dzuwa, batire ndi magetsi a ESCOM, ndipo magetsi akathima imadzidula yokha ku mawaya akunja n'kupitiriza kudyetsa nyumba. Mainveta ambiri a mtunduwu amathanso kukankhira magetsi kunja, choncho mmisiri ayenera kuitchera kuti isatumize kanthu kunja, chimene amati zero export. Pamakhala kachipangizo kobowoka pakati, kotchedwa CT, kamene kamavekedwa pa waya wamoto wolowa m'nyumba, pamene ukulowera mu DB kuchokera ku mita, mbali yanu. Kakangomva kuti magetsi ayamba kulowera kunja, inveta imachepetsa zimene ikutenga ku mapanelo mpaka zifanane ndi zimene nyumba ikudya. Pa kachipangizoka pali kamuvi, ndipo kabuku ka inveta iliyonse kamanena kumene kamuviko kayenera kuloza. Kakavekedwa chotembenuza, inveta imawerenga zinthu mozondoka, ndipo m'malo moletsa imatha kukankha ndi mphamvu zake zonse. Kulakwitsa kwake n'kwa mphindi imodzi, koma kumadya mayunitsi miyezi yambirimbiri mwini nyumba osadziwa. Mmisiri wodziwa ntchito amatcheranso invetayo kuti nthawi zonse izikoka timagetsi tochepa kwa ESCOM, mawati 20 mpaka 50, chifukwa firiji ikazima mwadzidzidzi inveta imachedwa pang'ono kutsika, ndipo mamita ena amamva ngakhale kadontho kameneko.

Mtundu wachitatu ndi umene wadzaza m'masitolo. Amalemba off-grid, koma uli ndi polowetsa magetsi a ESCOM. Umenewu umangotenga, subweza. Dzuwa ndi batire zikachepa umasamutsira nyumba ku ESCOM, zikabwerera nawonso umabwerera. Kwa mita yanu ndi chipangizo chodya magetsi basi, chimodzimodzi zina zonse za m'nyumba. Kwa munthu amene sakufuna kudwala mutu ndi nkhani za mita, mtundu umenewu ndimaukonda. Chosokoneza n'chakuti ogulitsa ena amautchanso hybrid, ndiye musadalire dzina la pabokosi. Mmisiri akuonetseni m'kabuku ngati invetayo imatha kutumiza magetsi kunja kapena ayi.

Mwati batire palibe, ndipo apa ndi pamene ndalama yanu yoyamba iyenera kupita. Zero export popanda batire ndiye kuti mayunitsi 8 aja sakupangidwa n'komwe, mapanelo akungowotha dzuwa, usiku mukugulabe kwa ESCOM ngati kale, ndipo magetsi akathima madzulo mafiriji athima nawo. Batire ya lithium ya mavolti 48, ya 100 Ah, imasunga mayunitsi pafupifupi 5, ndipo mungatengemo 4 kapena kuposerapo pang'ono tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Mafiriji awiri, mababu, TV ndi fani zimafika nayo m'mawa ngati palibe wayatsa chophikira. Muonetsetse kuti ndi mtundu umene umamvana ndi inveta yanu, chifukwa ziwirizi zimalankhulana kudzera pa kawaya kake. Mabatire a asidi kapena a gel ndi otsika mtengo pogula, koma imodzi ya mavolti 12, ya 200 Ah, imasunga mayunitsi 2.4, ndipo mukamaitsitsa kupyola theka tsiku ndi tsiku sichedwa kufa. Inveta ya mavolti 48 imafuna mabatire 4 otere nthawi imodzi, ndipo imodzi ikafooka imakokera anzake pansi. Ngati ndalama sizikukwana lero, ndi bwino kudikira msika wa fodya ku Chinkhoma utsegulidwe, malonda ayambe kuyenda m'golosale, kusiyana ndi kuthamangira mabatire a galimoto, amene sanapangidwire ntchito imeneyi.

DB yanu igawidwe pawiri. Mafiriji, mababu ndi masoketi a TV ndi mafoni zipite mbali imene inveta imadyetsa magetsi akathima. Chophikira chachikulu ndi giza zikhale mbali ya ESCOM. Mbale imodzi ya chophikira imadya mawati 1,000 mpaka 2,000, giza 2,000 mpaka 3,000. Ziwirizi zitayakira limodzi madzulo, batire ija ingathe pa ola limodzi.

Kenako sinthani nthawi ya ntchito zina za pakhomo. Kusita kukhale masana. Ngati muli ndi thanki, pampu izikweza madzi masana. Zakumwa ndi mafilizesi otentha muziika m'firiji m'mawa, kuti kuziziritsa kwakukulu kuchitike dzuwa lilipo, usiku firiji izingosunga. Ndiye pali nyemba. Poto wa magetsi wotseka ndindindi uja amati pressure cooker amakoka mawati pafupifupi 1,000 poyamba, kenako amangodziyatsa mwa apo ndi apo, ndipo nyemba zimapsa yuniti imodzi isanathe. Apa ndikulankhula ndi mtima wonse, chifukwa aliyense woyenda mumsewu wa M1 amaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo amadziwa kumene mitengoyo ikuchokera. Mayunitsi amene mukanawataya popanda malipiro angathe kuchotsa thumba la makala pa bajeti yanu ya mwezi, ndipo phindu limeneli silifuna chilolezo cha munthu aliyense.

Za mmisiri tsopano. A MERA ndi amene amapereka ziphaso kwa anthu ndi makampani oika mawaya a magetsi komanso oika sola. Mufunseni mnyamatayo chiphaso chake, muchione ndi maso, muonenso ngati sichinathe nthawi. Ngati alibe, angathandize kunyamula mapanelo, koma pa DB pagwire wachiphaso. Ameneyo akujambulireni papepala mmene mawaya ayendere, ndipo ntchito isanayambe mupite nalo ku ofesi ya ESCOM pa Kasungu pomwepo, pamodzi ndi kalata. M'kalatamo mulembe nambala ya mita, kukula kwa mapanelo, dzina ndi mtundu wa inveta, muikemo satifiketi yake ija, ndipo munene momveka bwino kuti yatcheredwa kuti isatumize magetsi kunja. Momwemo mufunse ngati akufuna kudzayendera ntchitoyo isanayatsidwe, komanso zimene mungachite mutafuna mita yowerengera mbali ziwiri. Mupemphe yankho lolembedwa, ndipo kalata yanu yotsala nayo aidinde. Ena adzakuuzani kuti mukudziputira mavuto, anthu amangoika osauza aliyense. Ine sindigwirizana nazo. Mayunitsi amene mumagula akatsika mwadzidzidzi ndi theka, pa kompyuta ya ESCOM zimaoneka chimodzimodzi ndi nyumba imene yayamba kuba magetsi, ndipo tsiku limene adzabwere kudzaona, kalata yodindayo ndi imene idzakuyankhireni.

Padenga palinso ngozi yake. Panelo imodzi ya mawati 550 imatulutsa mavolti pafupifupi 50 isanalumikizidwe ku chilichonse, ndiye 6 zotsatizana ndi mavolti 300 a DC, mtundu wa magetsi umene umachokera ku mapanelo ndi mabatire, ndipo m'mawa wozizira wa mu Juni amakwerapo pang'ono. Mainveta ena amalandira mpaka 450 kapena 500, koma ena amalekera pa 145 basi. Pa oterewa mapanelo ayenera kugawidwa awiriawiri, apo ayi inveta imapsa tsiku loyamba. Magetsi a DC akayamba kuthetheka sazima msanga ngati a m'nyumba, choncho swichi yozimitsira mapanelo ndi mafyuzi ake zikhale zolembedwa DC, osati maswichi wamba a mu DB. Mawaya akhale a sola enieni, a 4 kapena 6 mm², asagone pa malata otentha, ndipo polumikiza pasakhale zopotokola n'kukulunga ndi tepi. Moto wa sola nthawi zambiri umayambira pa mfundo yotayirira.

Mphenzi za kwanuko mukuzidziwa, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mafelemu a mapanelo, inveta ndi DB zilumikizidwe ku chitsulo cha earth chokhomedwa pansi, ndipo mmisiri achiyeze ndi makina, chifukwa m'dothi louma chitsulo chachifupi chimangokhala chokongoletsa. Paikidwenso zotetezera za surge, zoletsa magetsi okwera mwadzidzidzi, mbali ya mapanelo ndi mbali ya ESCOM. Pali chinanso chimene amisiri ambiri amachidumpha. Inveta ikadzidula ku ESCOM, swichi ya earth leakage, ija imadula magetsi munthu akagwidwa nyesi, imatha kusiya kugwira ntchito ngati waya wobwerera magetsi, uja amati neutral, sunalumikizidwe bwino ku earth m'dongosolo latsopanoli. Muwauze aiyese ndi choyesera pa soketi magetsi a ESCOM atazimitsidwa, inu mukuona.

Kasungu ili pafupifupi madigiri 13 kummwera kwa equator, choncho mapanelo ayang'ane kumpoto, mbali ya ku Mzimba, atapendekeka madigiri 15 kapena kuyandikira pamenepo. Ogona chathyathyathya amasunga fumbi ndi zitosi za mbalame. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pa panelo imodzi umatsitsa mzere wonse. Nyengo ya fumbi ndi utsi wa moto wolusa, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, muziwatsuka ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mawa kusanatenthe.

Magetsi a ESCOM musawadule. Ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, kumene EGENCO ili ndi makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anawonongera Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Zoterezi ndi zimene zimachititsa munthu kulakalaka kudziimira payekha, ndipo ndimamvetsa. Koma mu Januwale ndi Febuluwale kumatha kuchita mitambo masiku angapo otsatizana, mapanelo n'kumapereka gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake kapena kucheperapo. Kugula mabatire okwanira masiku amenewo ndi kugoneka ndalama zambiri chaka chonse, pamene mayunitsi ochepa a ESCOM angatseke mpatawo motsika mtengo. Ngati nyumba yanu ili kumapeto kwa mzere, kumene mababu amazilala madzulo, inveta izidzidula kawirikawiri mavolti akatsika kapena kukwera mopyola malire. Mmisiri asafutukule malirewo kuti isiye kudandaula. Vutolo ndi la pawaya, mukalinene ku ESCOM.

Tsiku loyatsa, musamalize kulipira musanaone zinthu zina ndi maso anu. Sankhani masana adzuwa, batire itadzaza. Zimitsani chilichonse m'nyumba ndi m'golosale, lembani mayunitsi a pamita, mudikire theka la ola. Kanyali kofiira kamene kamaphethira magetsi akamadutsa kazingophethira mwa apo ndi apo, ndipo mayunitsi asasunthe kupyola kadontho. Kakamaphethira mofulumira ndiye kuti CT yatembenuka kapena zero export sinatcheredwe, ndipo mmisiri asachoke asanakonze. Kenako yatsani mafiriji, iye azimitse swichi yaikulu ya ESCOM. Mafiriji apitirize kulira, ndipo akayeza ndi makina ake a m'manja pamene inveta imalandirira magetsi a ESCOM, pakhale ziro. Pa DB ndi pafupi ndi mita pamatidwe chikwangwani chonena kuti nyumbayi ili ndi magetsi ochokera mbali ziwiri, chosonyezanso pozimitsira sola. Akupatseninso nambala yachinsinsi ya inveta ndi pepala la mmene waitcherera. Tsiku lina adzabwera mmisiri wina, ndipo invetayo ikadzabwezeredwa mmene inachokera ku fakitale, zero export ija iyenera kudzatcheredwanso isanalumikizidwe ku mita.